Kumanga njira ya miyala kuseri kwa nyumba ndi kukonza galimoto yachidole yokwera matanthwe

Galimoto yaing'ono yoyendera rimoti imene amaitcha rock crawler sinapangidwire liwiro, ndipo munthu amene waigula poganiza kuti izithamanga ngati ya mpikisano amakhumudwa tsiku loyamba lomwelo. Ntchito yake ndi kukwawa pang'onopang'ono pamiyala, matayala onse anayi akukoka pamodzi, mwini wake akuyang'anitsitsa pamene tayala lililonse likuponda. Zimene zafala kwambiri ndi za misinkhu iwiri. Pali za 1/10, kutanthauza zochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, monga Axial SCX10 ndi Traxxas TRX-4 imene inatuluka mu 2017, zomwe mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo umapitirira pang'ono masentimita 30, ndiponso pali za 1/24, monga Axial SCX24, zomwe zimakwanira pachikhatho. Dziwani kaye msinkhu wa galimoto yanu musananyamule mwala ndi umodzi womwe, chifukwa kukula kwa chilichonse chimene mumange kudalira pamenepo.

Malo a mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali ndi okwanira galimoto ya 1/10, pamene ya 1/24 imasangalala ngakhale pakona ya khonde. Sankhani pamalo potsetsereka pang'ono, pamene madzi sadikha mvula ikagwa, ndipo ngati pali mthunzi masana ndiye bwino kwambiri, popeza woyendetsa amaima nthawi yaitali pamalo amodzi. Palani udzu wonse ndi khasu, mukumbe kangalande kumtunda kuti madzi azilambalala, kenako muthire miyala ya kwale yaing'onoing'ono ndi kuitsindira. Dothi lofiira likanyowa limamatirira m'mizere ya matayala mpaka tayala limasalala ngati sopo, choncho pansi pa kwale mpofunika kuposa mmene ambiri amaganizira.

Miyala yabwino ndi yokhakhala, yokhala ndi ngodya. Ya kumtsinje ndi yokongola koma ndi yoterera, ndipo ndi bwino kuikamo iwiri kapena itatu yokha pamalo amene mukufuna kuti pakhale povuta dala. Mwala uliwonse waukulu muukwirire pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kuti usagwedezeke tayala likaukankha. Tayala la galimoto ya 1/10 lovekedwa pa limu la mainchi 1.9 limatalika masentimita 11 kapena 12, ndiye masitepe oyamba akhale theka la msinkhu umenewo, ndipo aatali muwasungire mbali ina ya njirayo.

Chimene ndimaumirira kwa aliyense ndi chakuti asathamangire simenti. Pa njira yanga yoyamba ndinamata miyala tsiku lomwe ndinaiyala, chifukwa inkaoneka bwino ndikaima chapatali. Nditayendetsapo galimoto ndinapeza kuti pakati pa miyala iwiri panali mpata wolowa tayala lakutsogolo ndendende, ndipo likalowamo silinkatulukanso popanda kulinyamula ndi dzanja. Ndinachita kugumula ndi hamala. Yalani miyala popanda chomata, muyendetsepo kwa masabata angapo, muzitembenuza mwala uwu ndi kusuntha uwo, ndipo mukakhutira mumate yokhayo imene ikusuntha, simentiyo ikhale kunsi ndi kuseri kumene tayala silifika.

Njira yabwino imafunsa galimoto mafunso osiyanasiyana. Pakhale chikweza chowongoka, choyesa ngati kutsogolo kudzuke n'kugwa chagada. Pakhale malo opendekeka oyenda chammbali, amene kwa ine ndi ofunika kuposa onse, chifukwa ndi pamene galimoto yolemera kumwamba imaululika msanga. Pakhalenso miyala yosinthana, wina kumanzere wina kumanja, yopotokola ma ekiselo, komanso kamtumbira kosongoka kogwira mimba ya galimoto. Mlatho wa timitengo umakometsa malo, koma mtengo wogona padothi chiswe sichiuchedwetsa, ndiye muusanjike panjerwa ndipo muupake mankhwala oteteza matabwa. Pomaliza dulani pakati mipira yakale ya tenesi n'kuika zidutswazo ziwiriziwiri ngati zipata, motalikirana pang'ono kuposa m'lifupi mwa galimoto. Umu ndi mmene amachitira pa mipikisano, kumene kubwerera m'mbuyo, kugunda chipata ndi kugubuduzika zimawonjezera mapointi, ndipo wopambana ndi amene ali ndi ochepa.

Njira ikatha, m'pamene mungadziwe chimene galimoto ikusowa. Ambiri amayamba ndi kugula mota yamphamvu, koma kawirikawiri vuto silikhala mphamvu. Imani pafupi ndi mwala umene ukuikanika, muwerame, muone chimene chikuchitika. Ngati matayala akuzungulira pamalo amodzi, vuto ndi matayala. Ngati ikudzuka kutsogolo kapena kugwera m'mbali, vuto ndi pamene kulemera kwakhala.

Yambani ndi matayala. A rabala yofewa amakumbatira ngodya ya mwala, pamene olimba amangodumphadumpha. M'kati mwa tayala mumakhala siponji, ndipo siponjiyo ndi imene imagwira ntchito ya mpweya. Ikalimba kwambiri tayala silipindika pamwala, ikafewetsa tayala limagona chammbali pamalo opendekeka n'kugwetsa galimoto. Pachifukwa chimenechi ena amaika siponji ya magawo awiri, yolimba m'kati ndi yofewa kunja. Malimu omanga ndi masikuluu, otchedwa beadlock, ndi abwino kuposa omata ndi guluu chifukwa amakulolani kumasula, kusintha siponji ndi kuiumitsa ikanyowa. Onetsetsaninso kuti pali kabowo kotulutsa mpweya, apo ayi tayala limakhala ngati mpira wopopa.

Kenako tsitsani kulemera ndi kukupititsa kutsogolo. Oyendetsa ambiri amafuna kuti pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera akhale pa matayala akutsogolo. Mungayeze ndi masikelo awiri a kukhitchini, lina pansi pa matayala akutsogolo lina akumbuyo, onse ali pamtunda wofanana. Zambiri pano sizilira ndalama. Sunthirani batire kutsogolo ndi pansi momwe lingathere, ndipo chotsani tayala lapadera ndi katundu wokongoletsa wa padenga, ngakhale kuti zimapweteka mtima kutero. Mukafuna kugula, gulani zitsulo zolemera za brass zoika pafupi ndi matayala akutsogolo, chifukwa kulemera kumeneko kumakhala pansi penipeni. Musazichulutse, pakuti galimoto ikalemetsa imathyola magiya ndipo imatopetsa chiwongolero. Kufupikitsa mashoko pang'ono ndi kuikamo oilo wopepuka kumathandizanso, malinga mimba isatsike mpaka kumakakamira pa kamtumbira kaja. Kuti mudziwe ngati mwapindula, ikani galimoto pathabwa, mulikweze mbali imodzi pang'onopang'ono, ndipo muyeze ndi foni madigiri amene ikugwera musanasinthe ndi mutasintha.

Servo, kachipangizo kamene kamakhotetsa matayala, ndiyo imafa msanga pa galimoto zambiri zogula zomangidwa kale, makamaka tayala likapanikizika pakati pa miyala inu n'kumakakamiza kukhota. Ya magiya achitsulo, yolembedwa kuti mphamvu yake ndi makilogalamu 20 kapena 25, ndi yokwanira pa 1/10. Mukaiika, chepetsani pa rimoti malire a kukhota kuti isamalire ikafika kumapeto.

Za mota zibwere pamapeto. Mota ya mabulashi ya 35T, nambala yosonyeza kuchuluka kwa mizunguliro ya waya m'kati mwake, ndi yofatsa bwino, ndipo nambala imeneyi ikamakwera liwiro limatsika. Kagiya kakang'ono pa mota kamachepetsanso liwiro ndi kutentha. Chofunika kwambiri ndi ESC, kabokosi kolamula mota, kakhale ndi drag brake, buleki imene imagwira yokha mukasiya chala, kuti galimoto iime chilili pamtsetse. Hobbywing QuicRun 1080 ndi yodziwika pa ntchito imeneyi. Ena amasintha magiya kuti matayala akutsogolo azizungulira mofulumirako pang'ono kuposa akumbuyo, zimene zimakoka mutu wa galimoto pachikweza ndi kufupikitsa makona. Pa zonsezi sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mubwerere pa mwala womwe uja, muone ngati chasintha kanthu.

Mukamaliza kuyendetsa, chotsani fumbi ndi bulashi, ndipo ngati munadutsa m'madzi umitsani ma bering'i ndi kuwadontheza oilo. Batire la LiPo la maselo awiri limalembedwa mavoti 7.4, ndipo selo iliyonse imadzaza pa 4.2 ndipo siyenera kutsika kupitirira 3.0. Mukafuna kulisunga masiku angapo lisiyeni pa 3.8 selo iliyonse. Litchajeni ndi tchaja yake yoyenera, pa simenti, kutali ndi nsalu ndi mapepala, inu muli pomwepo, ndipo likayamba kutupa musaligwiritsenso ntchito.