Kahamster kanu katupa mwendo? Yambani mwafufuza ulusi

Kwathu kuno kanyama kofanana ndi mbewa timakaganizira ndi mchere pamoto, koma ana a abale athu ku Johannesburg ndi ku Britain akuweta hamster m'nyumba, n'kumakapatsa dzina ngati mwana. Mtundu wofala ndi wa ku Syria, wochokera ku banja lina lomwe linagwidwa kufupi ndi mzinda wa Aleppo mu 1930. Kanyamaka kamangokhala zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kakadwala sikachedwa kufooka. Mukaona kakang'ono kakutsimphina kapena kukoka mwendo wotupa, musati tiona mawa.

Poyamba musakagwire ndi manja. Kakamva ululu kamaluma, ndipo kakakupulumukani kadzathyokanso pena. Kalowetseni m'mbale yagalasi yoonekera, muunike ndi tochi ya foni kuchokera pansi, mufananitse mwendo wotupawo ndi unzake. Madzulo ndi bwino, poti masana kamakhala kali mtulo.

Tsopano fufuzani ulusi. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Thonje lofewa lomwe amagulitsa kuti kanyamaka kapangire chisa, ulusi wa kansalu kakale, ngakhale tsitsi limodzi la m'mutu, zimakulunga kamwendo n'kutseka magazi. Phazi limafufuma, limafiira, kenako limayamba kuda. Vuto lake n'lakuti ulusiwo umamira m'mnofu wotupawo, moti chomwe mungaone ndi kamzere kolowa m'kati, ngati pomwe panamangidwa mphira. Ngati ulusi ukuonekera, wina akafungatire m'kathaulo, inu mulowetse nsonga ya kasizasi kakang'ono pansi pa ulusiwo n'kudula. Osakoka. Ngati wamira kale, kapena phazi lazizira n'kuda, musalimbane nawo, thamangani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, chifukwa phazi likafa palibenso chochita koma kulidula.

Ulusi palibe? Patulani ubweya muone ngati pali bala kapena nkhanambo. Hamster ya ku Syria siikhala ndi inzake: ana amasiya kuyamwa pa masabata atatu, ndipo pakangopita masabata ochepa ndewu imayamba. Pomwe kalumidwa pamatuluka chithupsa chotentha chodzala mafinya. Kapatuleni kakhale kokha. Sungunulani kasupuni ka tiyi kamodzi ka mchere m'theka la lita ya madzi owiritsa, muwasiye azizire, muzitsuka balalo kawiri patsiku. Chithupsacho musachifinye, kuboola ndi ntchito ya dokotala.

Mwendo ukamalendewera, kapena utapindika mwachilendo ndipo kanyamaka sikakuuponda n'komwe, ndiye kuti wathyoka. Kawirikawiri wolakwa amakhala gudumu lawaya lomwe kamathamangamo, kamwendo kamakodwa pakati pa mawayawo, kapena kagwa kuchokera m'manja mwa mwana. Chotsani gudumu, makwerero ndi timapaipi, kakhale m'kakhola kakang'ono kopanda pokwera, chakudya ndi madzi zili pafupi, kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Bandeji musavutike nayo: kamaitafuna usiku umodzi wokha, ndipo mukaimanga mothina mwabweretsa vuto la ulusi lija. Fupa likatulukira kunja, imeneyo ndi ya dokotala basi. Akanena zodula mwendo musataye mtima, tinyamati timathamanga bwinobwino ndi miyendo itatu.

Onaninso kunsi kwa phazi. Zilonda zofiira pamenepo zimabwera chifukwa choponda waya kapena zogonera zonyowa ndi mkodzo.

Za mankhwala ndiye mumvetsetse. Ambirife tili ndi makapisozi a amoxicillin otsala m'kabati, ndipo dzanja limayabwa kuti tithire pang'ono m'madzi ake. Musayerekeze. Amoxicillin, penicillin, ampicillin, erythromycin ndi clindamycin amapha tizilombo tothandiza ta m'matumbo mwa hamster, toipa n'kuchulukana, ndipo kamatsegula m'mimba mpaka kufa m'masiku ochepa. Panado ndi brufen nazonso ayi. Madokotala amapereka mankhwala ena, monga meloxicam wa ululu, atakayeza kaye pasikelo, poti kwa kanyama kakang'ono chotere dontho limodzi loonjezera ndi lambiri. Poimba foni funsani ngati amaonanso tinyama ting'onoting'ono, pakuti ena anazolowera agalu ndi amphaka okha.

Popita kumeneko kaikeni m'kabokosi kokhala ndi timabowo ta mpweya, moyalamo tishu, ndi kachidutswa ka nkhaka koti kazipezamo madzi panjira. Pobwerako thonje lija mutaye, muike tishu wamba wong'ambang'amba, ndipo gudumu lawaya mulisinthe ndi lopanda mipata, la masentimita 28 kwa hamster ya ku Syria kapena 20 kwa timitundu tina tating'ono ta hamster.