Ntchafu ikakana kugwira bondo litavulala pa futsal: mmene mungaidzutsire

Wosewera futsal, mpira wamiyendo woseweredwa pa bwalo laling'ono, akaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo, umene achipatala amautcha ACL, maso onse amathamangira pa bondo lotupalo. Vuto lina limabisala pamwamba pake. Khalani pa mkeka, tambasulani miyendo yonse iwiri, ndipo limbitsani ntchafu ngati mukufuna kukanikiza kuseri kwa bondo pansi. Ku mwendo wabwino muona kafupa kozungulira ka pa bondo kakukwera cham'mwamba, mnofu ukutumphuka, chidendene chikunyamuka pang'ono. Ku mwendo wovulala kumangoti zii, kapena mnofu umangonjenjemera osagwira. Si ulesi, komanso si kuti mphamvu zatha usiku umodzi. Bondo lenilenilo ndi limene lazimitsa mnofuwo.

Zimachitika motere. Bondo likadzaza magazi kapena madzi, timitsempha tomva timene tili m'kati mwake timatumiza uthenga ku msana, ndipo msanawo umachepetsa mphamvu ya lamulo lopita ku minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, ija ya quadriceps. Mutu ukulamula, koma lamulo likufika lofooka. Sipafunika kutupa kwakukulu ayi: madzi okwana 20 mpaka 30 ml, masupuni awiri aakulu okha, amatha kuyamba kuzimitsa kamnofu kam'kati kamene kali pamwamba pa bondo. Nthawi yomweyo minofu ya kumbuyo kwa ntchafu imakungika, bondo n'kumakhala lopindika. Munthu wotere mukamutumiza kukanyamula zitsulo, amangogwiritsa ntchito chiuno ndi mwendo winawo, ntchafu ikupitirira kuphwa.

Pa futsal nkhaniyi ndi yaikulu kuposa pa mpira wa pa udzu. Bwalo ndi la mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, osewera asanu mbali iliyonse, ndiye kuima mwadzidzidzi ndi kutembenuka sikutha. Kuno ku Kasungu, ngati mumasewera pa simenti ya bwalo la ntchemberembaye kapena mu holo, nsapato ya labala imagwira pansi kuti gwa, phazi osatsetsereka, ndipo mphamvu yonse ya kutembenukako imathera m'bondo. Chimene chimagwira mabuleki pamenepo ndi ntchafu.

Musanayambe chilichonse, pitani ku chipatala cha boma cha Kasungu akakuoneni a zamafupa. X-ray imaonetsa fupa, siionetsa mtsempha, choncho kuuzidwa kuti fupa silinathyoke sikutanthauza kuti bondo lili bwino. Amayeza ndi manja, kukoka fupa la mwendo kutsogolo bondo litapindika pang'ono, ndipo akaona kuti n'kofunika amakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngati bondo lakhoma ngati muli kamwala m'kati, osatheka kuwongoka ngakhale wina akuthandizeni mofatsa, musalikakamize. Kawirikawiri pamenepo chichereŵechereŵe chang'ambika n'kutsekereza.

Yambani ndi kutupa

Ikani ayezi wophwanyaphwanya m'jumbo, mukulunge ndi kansalu konyowa, ndipo zungulizani bondo lonse kwa mphindi 20. Masiku oyamba chitani zimenezi maola awiri kapena atatu alionse, mwendo utakwezedwa kuposa chifuwa. Pakati pake mangani bandeji yotamuka kuyambira pansi pa bondo kukwera m'mwamba, mothina pang'ono koma zala za kuphazi zisachite dzanzi. Ngati kunyumba kulibe filiji, mafilizesi oundana a pa golosale amagwira ntchito yomweyo.

Ambiri amaika ayezi madzulo atamaliza zonse. Sinthani ndondomekoyo. Kuzizira kumachepetsa uthenga wozimitsa uja kwa kanthawi, ndiye ayezi akangochoka, mnofu umamva lamulo bwino kuposa nthawi ina iliyonse. Masewero a ntchafu chitani pomwepo, bondo likadali lozizira.

Kuthowa ndi madzi otentha masiku oyambirira kumawonjezera kutupa, chimodzimodzi kutikita mwamphamvu. Kutemera mphini pa bondo lodzaza magazi kungalowetse tizilombo, ndipo ngati padzafunika opaleshoni, zilonda za pakhungu zimaichedwetsa.

Kuwongola bondo

Cholakwa chimene chimawononga mawondo ambiri ndi pilo. Wovulala amaika pilo kunsi kwa bondo chifukwa ululu umachepa, n'kugona choncho milungu itatu. Akadzadzuka bondo lazolowera kupindika, ndipo ntchafu siingagwire mokwanira pa bondo losawongoka. Pilo kapena chitenje chopindapinda chipite pansi pa chidendene, kuseri kwa bondo kukhale pamphepo. Lekererani mwendo ulemere wokha kwa mphindi 5 mpaka 10, katatu kapena kanayi pa tsiku. Pamakoka kumbuyo kwa bondo, ndipo n'zoyenera.

Ngati minofu ya kumbuyo ikukanabe, itopetseni. Gonani chafufumimba, pindani bondo, mnzanu agwire chidendene. Kokerani chidendenecho ku matako iye akukaniza, kwa masekondi 5, kenaka masukani kotheratu. Bwerezani mpaka mumve kuti kumbuyo kwa ntchafu kwatopa. Mnofu wotopa umasiya kulimbana, ndipo mwendo umatsika n'kuwongoka. Koma amene anachitidwa opaleshoni, makamaka ngati mtsempha watsopano anautenga kumbuyo kwa ntchafu komweko, ayambe afunsa afiziyo, achipatala othandiza kulimbitsa ziwalo ndi masewero.

Kudzutsa mnofu

Khalani motsamira khoma, mwendo utatambasuka. Ikani zala ziwiri pa kamnofu kam'kati, pamwamba pa kafupa ka bondo. Chitani kaye ndi mwendo wabwino kuti thupi likumbuke, kenaka wovulalawo: kokerani kafupako cham'mwamba, gwirani masekondi 5, pumani masekondi 5, kakhumi. Chitani zimenezi ola lililonse kapena maola awiri alionse. Kakhumi kakhumi tsiku lonse kamaposa ka 100 nthawi imodzi, chifukwa apa mukuphunzitsa mitsempha njira, simukumanga mnofu.

Yang'anani ndi maso, musadalire kumva kokha. Matako akanyamuka, kapena chidendene chikamakanikiza mkeka, ndiye kuti ntchito ikugwiridwa ndi minofu ina. Ikani dzanja pansi pa thako kuti mudzigwire nokha. Ngati patatha milungu iwiri kafupa sikakusunthabe, funsani afiziyo za makina opatsira mnofu magetsi, amene amaukakamiza kugwira inu mukulimbitsanso nthawi yomweyo.

Kafupa kakayamba kukwera, onjezani kunyamula mwendo wonse. Limbitsani ntchafu kaye, kenaka kwezani chidendene masentimita 30, mutsitse pang'onopang'ono, kakhumi maulendo atatu. Mnzanu ayang'ane cham'mbali. Bondo likapindika ngakhale pang'ono chidendene chisananyamuke, nthawi yake sinakwane. Bwererani ku zoyamba zija. Musataye ndodo zoyendera mpaka mutatha kunyamula mwendo uli chiwongokere ndi kuyenda osatsimphina.

Masewero otsatira ndi awa. Mangani chubu chakale cha njinga pa mzati, chidutse kuseri kwa bondo, muziwongola bondo mutaimirira. Muzikhala ndi kudzuka pa mpando ndi miyendo iwiri, kenaka umodzi. Muzikwera pa njerwa ya masentimita 10, kenaka pa sitepe ya 20. Kupalasa njinga pamalo osalala, chishalo chitakwezedwa, n'kwabwino, koma kunyamula anthu pa kabaza kudikire.

Bondo ndilo likuuzeni ngati mwapyola muyezo. Pezani tepi ya telala, muziyeza kuzungulira pakati pa bondo m'mawa uliwonse ndi kulemba m'kope. Likakula ndi sentimita imodzi kapena kuposa, dzulo munawonjeza: chepetsani theka, bwererani ku ayezi. Kutupa kukabwerera, kuzima kwa mnofu nakonso kumabwerera. Kamodzi pa mlungu yezaninso ntchafu zonse ziwiri masentimita 15 pamwamba pa kafupa, ngakhale tepi imanyenga pang'ono poti imayeza ndi mafuta omwe.

Katumba akatupa, kutentha ndi kuwawa, kapena mukayamba kubanika, thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa magazi angakhale ataundana mu mtsempha. Chimodzimodzi bondo likafiira ndi kutentha, thupi likutenthanso.

Kubwerera m'bwalo

Apa makochi ndi anzake a wosewera amve bwino, poti iwo ndiwo amakonda kunena kuti "tangolowa mphindi zisanu zokha". Pa futsal amaloleza kusintha osewera nthawi iliyonse, ndiye chiyesocho n'chachikulu. Koma kutembenuka kumodzi n'kokwanira kudula mtsempha. Amene anachitidwa opaleshoni kawirikawiri sathamanga milungu 12 isanakwane, ndipo mpira wampikisano umadikira miyezi 9, chifukwa obwerera msanga amavulalanso mochuluka.

Kalendala payokha siikwana. Werengani kangati mungadzuke pa mpando ndi mwendo umodzi, mwendo uliwonse paokha. Jambulani mzere pansi, mudumphe ndi mwendo umodzi n'kutera pa womwewo osadzandira, muyeze mtunda. Wovulalawo ufike 90 pa 100 ya mnzake: wabwino ukadumpha masentimita 150, winawo usachepere 135, ndipo potera bondo lisagwere m'kati. Mukafika apo, yambani kutembenuka ndi kuima pa udzu kapena pa dothi kwa milungu ingapo, muli nokha ndi mpira, kenaka pa simenti popanda wolimbana naye, ndipo m'mawa mwake muyezenso bondo ndi tepi ija.