Momwe mungabweretsere injini kuchokera ku Joni mosaboola m'thumba

Injini ya Hilux yanga, ya dizilo ya mtundu wa 2KD, itagogoda ndinazungulira Ndirande ndi Limbe yense. Zimene ndinapeza zinali zodula, ndipo ogulitsa sankalola kuti makaniko wanga atsegule ngakhale chivindikiro cha pamwamba. Ndinaganiza zoitanitsa ku Johannesburg, kumene kuli mashopu ambiri ogulitsa mainjini ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan. Njira yake ndi yomweyi ngakhale mukufuna giyabokosi kapena difu.

Poyamba pezani munthu wanu ku Joniko woti akaione ndi maso, ndipo ailize pomwepo iye akujambula vidiyo. Za pa Facebook zija, zoti tumizani theka la ndalama tikusungireni, zisiyeni. Ambiri mwa ogulitsa amenewo alibe shopu, zithunzi amangotola kwa ena. Tumizani kodi ya injini, osati dzina la galimoto lokha, chifukwa Hilux ilipo ya 2KD, ya 1KD ndi ya petulo. Polipira, invoyisi ikhale yosindikiza, yokhala ndi dzina la shopu, mtengo weniweni ndi nambala ya injini monga yalembedwera pa buloko. Funsaninso za VAT ya ku South Africa, yomwe ndi 15 peresenti: ogulitsa ena olembetsedwa amaichotsa ngati katunduyo akutumiza kunja ndi iwo eni.

Za mayendedwe, ndege musaiganizire n'komwe. Mabasi a pa Park Station amatenga zing'onozing'ono monga mashoko ndi masitata, koma injini yathunthu nthawi zambiri amakana. Chotchipa ndi thiraki ya matransipota osonkhanitsa katundu wa anthu ambiri, aliyense n'kulipira malo amene watenga. Mtengo amatchula poona kukula ndi kulemera, choncho nenererani, ndipo funsani atatu musanasankhe.

Tsopano pamene ine ndinapsa ndi pa kapakidwe. Mnyamata wa pashopu anandiuza pafoni kuti, "Bwana musadandaule, timangoikhazika pa tayala lakale n'kumanga chingwe, zonse zimapita choncho." Paleti (thandala la matabwa loikapo katundu) ndi bokosi la matabwa ankafuna ndalama yapadera, ine n'kuona ngati ndapulumutsa. Sindinafunse ngati oyilo akhuthula. Ulendowu ndi wautali: Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kulowa Mozambique pa Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Penapake m'maenje a msewuwo chingwe chinamasuka, injini inagwa cham'mbali, sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) inang'ambika, ndipo oyilo wakuda uja anayenderera m'mabelo a mabulangete a mayi wina wa geni wa ku Zingwangwa. Mayiwo analira pamaso panga, chifukwa mpamba wawo wonse unali m'mabelomo. Ndinawalipira mabelo awiri, ndinagula sampu ina, ndiponso paipi ya tebo inali itathyoka. Mwini thiraki anangoti kupakira si ntchito yake, ndipo papepala limene tinasainirana panalibe mawu oti akane nawo kapena ine ndimugwire nawo.

Ndiye chitani izi. Oyilo yense akhuthulidwe, wa mu injini ndi wa mu giyabokosi, madzi otsala m'mapaipi atuluke, fyuluta ya dizilo ichotsedwe. Mabowo onse atsekedwe ndi pulasitiki ndi tepi kuti fumbi ndi mvula zisalowe. Injini ikhale choimirira pa paleti yolimba, yotsamira matabwa m'mbali mwa buloko kuti kulemera kwake kusagwere pa sampu, chifukwa sampu ndi chitsulo chopyapyala. Amange ndi malamba okoka aja, anayi, osati chingwe cha nayiloni. Zotulukira kunja monga alitaneta, fani, masensa ndi kompyuta ya injini zimasulidwe, zilowe m'katoni yakeyake yolembedwa dzina lanu ndi nambala ya foni, apo ayi zimasowa pa njira. Pomaliza akhome bokosi la matabwa. Munthu wanu ajambule zithunzi isanatsekedwe komanso itakwera m'thiraki, ndipo transipota asaine kuti wailandira yosasweka.

Za msonkho, samalani ndi transipota wonena kuti mtengo wake waphatikiza kale dyute koma sakufuna kukuonetsani pepala. Ena amalembetsa katundu mtengo wotsika, akagwidwa thiraki yonse imaima pa boda masiku, wanu wosalakwa ali momwemo. Ine ndimakonda kulipira mayendedwe okha, msonkho ndilipire ndekha kudzera kwa ejenti wovomerezeka ndi MRA, injini ilembedwe m'dzina langa. A kasitomu a pa boda amawerengera msonkho pa mtengo wogulira kuphatikiza ndalama ya mayendedwe, choncho lisiti la transipota lisungeni. Wina asakunamizeni kuti za ku South Africa sizilipira msonkho chifukwa cha SADC. Mwayi umenewo ndi wa katundu wopangidwa m'chigawo chino wokhala ndi satifiketi yake, ndipo injini ya ku Japan siili m'gululo. Funsani ejenti akuwerengereni musanagule, kuti ndalama ikhale ili m'manja thiraki ikamafika pa Mwanza. A ku Lilongwe, funsani thiraki yodzera ku Dedza, musadzalipirenso ulendo wochokera ku Blantyre.

Ikafika, pitani ndi makaniko ndi pikapu, mutsegule bokosi dalaivala ali pomwepo. Mukaimanga m'galimoto, tengani invoyisi ndi mapepala a kasitomu mupite nawo ku Road Traffic akasinthe nambala ya injini pa bulubuku.