Momwe mungawerengere ma chromosome a mlamba kuti muone kusiyana kwa chibadwa

Mlamba wa mtundu wa Clarias gariepinus uli ndi ma chromosome (timaulusi tonyamula chibadwa) 56 m'selo lililonse la thupi. Wa mtundu wa Heterobranchus longifilis uli ndi 52, ndipo mukakweranitsa mitundu iwiriyi, ana ake amakhala ndi 54. Choncho mukawerenga bwino, mumadziwa ngati nsomba zanu zili za mtundu weniweni kapena zosakanizika, ngakhale maonekedwe ake atakunamizani.

Sankhani nsomba zamoyo, zathanzi, zimene zikukulabe, chifukwa maselo ake amagawikana kwambiri. Tengani zazimuna ndi zazikazi zomwe. Bayani m'mimba colchicine wa 0.05 peresenti, 1 ml pa magalamu 100 aliwonse a nsomba, kenako ibwezereni m'madzi kwa maola awiri kapena atatu. Mankhwalawa amaimitsa selo pakati pa kugawikana, pomwe ma chromosome afupika n'kunenepa moti aoneke. Ndi poizoni, valani magolovesi. Amadulanso, ndiye pali ogulitsa ena amene amawathira m'timabotolo topanda tsiku lothera mphamvu n'kutsitsa mtengo. Musagule zimenezo. Colchicine amaonongeka ndi kuwala, ndipo wosukuluka amakuonongetsani nsomba pachabe.

Igonetseni nsombayo ndi mankhwala ogonetsa ochuluka mpaka ife, muitumbule n'kuchotsa impso, makamaka mbali ya kumutu, kumene nsomba imapangira magazi. Nyenyani impsoyo m'madzi a potassium chloride a 0.075 M. Madzi amenewa amalowa m'maselo n'kuwatupitsa kuti ma chromosome atalikirane.

Pano ndiye pomwe ndinalakwitsa, ndipo zinanditayira masabata angapo. Ndinasiya maselo m'madzi aja pafupifupi ola lathunthu ndikukonza zinthu zina, poganiza kuti akatupa kwambiri aoneka bwino kwambiri. Pa maikulosikopu ankaonekadi okongola, omwazikana bwino. Ndinawerenga 49, kwina 53, kwina 55, mtima n'kuyamba kugunda poganiza kuti ndapeza kusiyana pakati pa nsomba za m'mitsinje yosiyana. Ndinalemba manambala onsewo mosamala. Chinanditsegula maso n'chakuti nsomba imodzi yomweyo, pa kagalasi kamodzi komweko, inkapereka manambala anayi osiyana. Maselo anali ataphulika, ma chromosome ena n'kutayika.

Tcherani wotchi: mphindi 20 mpaka 30, osapitirira. Mukafupikitsa kwambiri, ma chromosome amaunjikana ngati mpira ndipo simungawerenge, mukatalikitsa, amabalalika. Nthawi ikakwana, dontheziranimo madontho angapo a fixative (mankhwala olimbitsa maselo) musanazunguze pa centrifuge (makina ozunguza kuti maselo akhale pansi), kuti maselo alimbe. Ndipo musakhulupirire selo limodzi. Werengani maselo osachepera 20 pa nsomba iliyonse, mutenge nambala imene ikubwera kawirikawiri. Nambala yoperewera nthawi zambiri imatanthauza kuti ntchito yalakwika m'manja mwanu, ndiye bwerezani musanauze aliyense.

Fixative ndi magawo atatu a methanol ku gawo limodzi la acetic acid. Sakanizani tsiku lomwelo, akhale wozizira. Wogona musamugwiritse ntchito ngakhale mukufuna kupulumutsa ndalama. Zunguzani, tayani zam'mwamba, thirani watsopano, katatu. Donthezani pa timagalasi toyera, tiume, mupake utoto wa Giemsa wa pH 6.8, kenako onani ndi lenzi ya 100 yothira mafuta. Jambulani maselo ooneka bwino, muyale ma chromosome awiriawiri potsata kukula ndi malo a centromere (pamene chromosome yaning'a ngati chiuno), monga mmene asayansi Levan ndi anzake anagawira mu 1964.

Zizindikiro zenizeni zimabwera pambuyo pake. Silver nitrate amadetsa malo a pa chromosome otchedwa NOR, pomwe pamayambira kupangidwa kwa ma ribosome (timakina ta m'selo topanga mapuloteni), mwa njira ya Howell ndi Black ya mu 1980. C-banding ya Sumner ya mu 1972, yogwiritsa ntchito barium hydroxide, imaonetsa pomwe heterochromatin (mbali yothinana kwambiri ya chromosome) yaunjikana. Njira yotchedwa FISH, yogwiritsa ntchito utoto wowala, imalozera malo a 18S ndi 5S rDNA (majini a ma ribosome), koma imafuna maikulosikopu yapadera komanso ndalama zambiri. Yerekezerani chiwerengero ndi malo a zizindikirozi pakati pa magulu a nsomba zanu.

Ngati cholinga chanu n'kudziwa ngati nsomba za mtundu umodzi zakwerana pachibale mopitirira, ma chromosome sakuuzani zambiri. Dulani kachidutswa ka chipsepse, kaikeni mu ethanol wa 95 peresenti, mukayezetse ma microsatellite (tizigawo tatifupi ta DNA tobwerezabwereza, tosiyana pakati pa nsomba). Pamenepo nsomba simuipha.