Momwe mungamangire kagudumu kofokasira ka telesikopu kakakhwefuka

Kagudumu kofokasira, kamene mumapotokola kuti chithunzi chioneke bwino, kakakhwefuka, mumakapotokola koma chithunzi sichisintha, kapena chimaoneka bwino kwa kanthawi kenako n'kuchita mbuu chokha. Anthu ambiri amathamangira kumanga sikuluwu iliyonse imene aiona, ndipo kumeneko n'kumene telesikopu zambiri zimaonongekera. Kukhwefukako kumachokera pamalo atatu osiyana, choncho muyenera kudziwa kaye pamene pali vuto musanagwire chida chilichonse.

Ntchitoyi muigwire masana, patebulo poyalidwa nsalu yoyera, chifukwa tisikuluwu take n'tating'ono kwambiri moti kamodzi kakagwera pansi simungakapezenso. Chotsani galasi loyang'anira (lija mumaikapo diso), vundikirani kukamwa kwa telesikopu, ndipo konzani sikuludiraiva yaing'ono ndi ma Allen key (tizitsulo topindika ngati L, tomangira masikuluwu a bowo la makona asanu ndi limodzi), makamaka a mamilimita 1.5 ndi 2.

Yambani ndi kagudumu kenikeniko. Kapotokoleni pang'onopang'ono mukuyang'ana kachitsulo kamene kagudumuko kanalowetsedwapo. Ngati kagudumu kakuzungulira koma kachitsuloko kali phee, yang'anani m'mbali mwake ndipo mupeza kabowo kokhala ndi sikuluwu yopanda mutu. Kawirikawiri kachitsuloko kamakhala ndi mbali imodzi yafulati, ndipo sikuluwu iyenera kutsamira pamenepo. Mukaimangira pambali yozungulira, igwira kwa masiku ochepa kenako n'kutereranso.

Ngati kachitsuloko kakuzungulira limodzi ndi kagudumu koma paipi yonyamula galasi ikuchedwa kuyenda, onani kunsi kwa paipiyo. Mukaona mzere wa mano, ndiye kuti yanu ndi ya mtundu wa giya, umene umapezeka pa telesikopu zambiri za oyamba kumene. Pansi pake pamakhala kambale kogwidwa ndi masikuluwu awiri kapena anayi, kamene kamakankhira giya ku manowo. Mangani sikuluwu iliyonse pang'ono chabe, osapitirira kota ya kuzungulira kumodzi, mosinthanasinthana kuti kambaleko kasapendekeke, ndipo muziyesa kagudumu nthawi iliyonse. Apa ndikuchenjezeni mwamphamvu: pa telesikopu zotsika mtengo mano amenewa nthawi zambiri amakhala apulasitiki, ndipo akathyoka palibe sikuluwu imene ingawabwezeretse. Girisi wakale akauma kapena akadzaza fumbi, mupukuteni n'kupakapo watsopano wochepa kwambiri, kutali ndi magalasi.

Paipi yopanda mano, yokhala ndi mbali yosalala yafulati, ndi ya mtundu wa Crayford, umene anaupanga John Wall wa ku England. Mtundu umenewu umayenda chifukwa kachitsulo kamakhuza paipiyo mwamphamvu, motero mafuta ndi mdani wake. Pukutani mbali yafulatiyo ndi kansalu konyowetsedwa ndi sipiriti, ndipo musapakepo girisi ngakhale pang'ono. Kunsi kwake mupezako masikuluwu awiri amene anthu amawasokoneza kawirikawiri: ina imatseka paipi kuti isayende, ina imawonjezera mphamvu ya kukhuzana. Masulani yotsekayo kaye, kenako mangani inayo pang'onopang'ono mpaka paipi itasiya kuterera. Mukapyoza muyeso, mabering'i, timagudumu tachitsulo timene paipiyo imayendapo, amasiya mikwingwirima papaipi.

Eni telesikopu za mtundu wa Schmidt-Cassegrain, zazifupi zonenepa zokhala ndi galasi kutsogolo ndi kalirole m'kati, adziwe kuti kagudumu kawo kamasuntha kalirole wamkulu wa m'kati, ndipo chithunzi kusuntha pang'ono posintha mbali yopotokolera n'chibadwa cha mtunduwo. Musatsegule m'kati mwake chifukwa cha zimenezo.

Mukamaliza, ikani galasi lanu loyang'anira lolemera kwambiri, pendeketsani telesikopu mpaka paipi yofokasira italoza pansi, dzanja lanu lili pafupi kuti ligwire galasilo, ndipo dikirani mphindi imodzi. Paipi isatsike yokha, komanso kagudumu kazitembenuka ndi zala ziwiri popanda kugwedeza telesikopu yonse. Yesani pamtengo kapena nsanja yakutali, kumbali kopanda dzuwa, popeza kuyang'ana dzuwa ndi telesikopu kumachititsa khungu nthawi yomweyo. Usiku lozani Mwezi pamalire a kuwala ndi mdima, pamene maenje ake amaoneka bwino kwambiri, ndipo mukachotsa dzanja pakagudumu m'mphepete mwa maenjewo mukhalebe mooneka bwino.