Lole ya matani awiri: onani GVM musanapereke makiyi kwa dalaivala

Ambiri amene amagula Dyna, Canter kapena Isuzu Elf yochokera ku Japan akaona 2,000 kg italembedwa kumbuyo kwa bodi amaganiza kuti laisensi ya B ikwanira, poti B imafika pa makilogalamu 3,500. Apa m'pamene pagona vuto. 2,000 kg imeneyo ndi ya katundu yekha. Lamulo la laisensi limayang'ana GVM, ndiko kulemera konse kumene opanga galimotoyo analoleza: galimoto, mafuta, anthu ndi katundu pamodzi.

Lole yotere ikakhala yopanda kanthu imalemera kale kupitirira matani awiri, ndiye GVM yake kawirikawiri imadutsa 4,000 kg. Woyendetsa ayenera kukhala ndi C1, yomwe ndi ya magalimoto opitirira 3,500 kg kulekezera pa 16,000 kg. Ngakhale loleyo ikuyenda yopanda katundu kuchokera ku Limbe kupita ku Chirimba, lamulo ndi lomwelo. B ndi ya mapikiapu ngati Hilux, ndipo ngolo yokoka isapitirire 750 kg. Ikaposa apo pafunika EB. Malole a tani imodzi ndi theka ndiwo amasokoneza kwambiri, chifukwa ena ali pansi pa 3,500 kg pomwe ena adutsa pang'ono. Musaganizire. Werengani nambala ya GVM pa kachitsulo ka opanga kamene kamakhala m'kabini, nthawi zambiri pafupi ndi chitseko, kenako muyerekeze ndi zomwe zili m'bulubuku. Zikasiyana, kakonzetseni ku ofesi ya Road Traffic ku Ginnery Corner musanayambe bizinesi.

C1 payokha sikwanira kwa dalaivala wa lole yamalonda. Pafunikanso PrDP, chilolezo cha madalaivala oyendetsa magalimoto amalonda: G ndi ya katundu, P ndi ya anthu, D ndi ya katundu woopsa monga mafuta. N'chifukwa chake olemba ntchito amafunsa “PG”, kutanthauza P ndi G pamodzi. Chilolezochi chimatha, choncho bwana aziona yekha tsiku lake m'malo mongomva za m'kamwa. COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi nazonso zikhale zosatha. Dziwaninso kuti ngozi ikachitika woyendetsa ali ndi B pa galimoto ya C1, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira, chonsecho ndalama munapereka.

Tsopano kuwerengera katundu. Chotsani kulemera kwa lole yopanda kanthu pa GVM. Tiyerekeze GVM ndi 4,700 kg ndipo lole ndi 2,600 kg: patsala 2,100 kg. Dalaivala ndi anyamata awiri opakira ndi pafupifupi 210 kg, ndiye katundu weniweni ndi 1,890 kg, matumba 37 a simenti kapena chimanga a 50 kg. Ngati munawotcheretsa zitsulo zam'mbali kapena kukweza bodi, zitsulozo zadya kale gawo la katundu. Kapimitseni loleyo pa sikelo ili yopanda kanthu kuti mudziwe pomwe mwaima.

Matumba savuta, amawerengeka. Chimene chimapha malole mu Blantyre muno ndi mchenga, kwale ndi njerwa. Mchenga wouma wodzaza malo a mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu umalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndipo wonyowa wa kumtsinje umaposa apo. Bodi ya mamita 3 m'litali ndi 1.6 m'lifupi ikangothiridwa mchenga wofika masentimita 30, mwadutsa kale matani awiri, pamene m'maso ikuoneka ngati sinadzaze. Njerwa 1,000 zootcha zimayandikira matani atatu. Kasitomala akamati “thirani ifike pamwamba”, iyeyo sadzagula nawo masipuling'i.

Kaikidwe nakonso n'kofunika. Katundu wolemera akhale pakati, cha kutsogolo pang'ono kwa matayala akumbuyo. Akaunjikana kumapeto kwa bodi, kutsogolo kumapepuka ndipo chiwongolero sichigwira bwino pokhota. Akaunjikana kuseri kwa kabini, matayala akutsogolo ndiwo amalemedwa. Pa tayala lililonse pamalembedwa kulemera kumene lingasenze komanso mpweya wake. Pa matayala apawiri akumbuyo pimani onse, chifukwa lam'kati likaphwa lakunja limasenza lokha mpaka kutentha n'kuphulika.

Mzinda wathu ndi wa zitunda, ndipo lole yolemedwa imadziulula msanga: kilatchi imapsa pokwera, mabuleki amatentha potsika. Pa mtsetse wa ku Chikwawa lowetsani giya yaikulu mphamvu musanayambe kutsika, yatsani buleki ya ekizozi ngati ilipo, ndipo musapondereze buleki njira yonse. Mukamva fungo la kupsa kapena buleki ikayamba kulowa pansi, imani pamalo otakasuka, ikani miyala kumatayala, mudikire mpaka azizire.