Dzina la kagalu kakakazi: liyeseni kaye pageti musanalilembetse pakadi

Mu Julaye 2024, kukuzizira kwadzaoneni, tinapita ku Kabwata kukagula mipando ya sofa kwa banja lina lomwe linkasamukira ku Kitwe. Titamvana mtengo, mayi wa pakhomopo analowa m'khitchini n'kutulukamo ndi katoni ya sopo. M'katimo munali kagalu kakakazi, koyera, ka ubweya wopotanapotana, kosakwana n'makilo awiri omwe. "Tengani na aka amai, kwamene tiyenda alandilodi safuna agalu." Tinakakweza pa Canter pamodzi ndi mipandoyo mpaka kuno ku Mtendere. Dzina kanalibe, ndipo tinatha masabata atatu tikukangana ngati tikugawana chuma cha masiye. Ndiye ngati nanunso mwapeza kagalu kotere ndipo mukufuna dzina loti aliyense akalimva aseke, imvani za ife amene tinapsa kale zala.

Musafulumire kutcha dzina tsiku lomwe kafika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kasiyeni masiku anayi, asanu, ngakhale sabata, muzingokayang'ana: kamadya bwanji, kamagona pati, kamaba chiyani, kamauwa ndani. Dzina loseketsa limachokera m'zochita za galuyo komanso m'mbiri ya mmene anafikira pakhomo. Loti mwangolitola pa intaneti limasuluka msanga ngati chitenje chotchipa.

Bambo a kunyumba kwathu ankafuna Danger. Kwa iwo galu ndi Danger, Tiger, Simba kapena Bingo, basi, monga mmene zinalili ku Katete ali mwana. Ndinaseka, koma nzeru yake ilipo: kanthu kakang'ono ukakapatsa dzina lalikulu, nthabwala yatha kale. Kagalu koti kakhoza kugona m'nsapato ya gumbutsu n'kumakaitana Njovu, Mvuu kapena Kariba, mlendo akafika pageti amayamba wanjenjemera kenako n'kufa nazo nseko. Kwa kagalu kakakazi, maina a maudindo ndi amene amakoma koposa, chifukwa chinenero chathu chimatilola kukalemekeza. Katcheni Tcheya, Matironi kapena Madamu, ndiye mumve mmene zikumvekera: "A Tcheya adya kale?" "Musasokose, a Matironi agona." "A Madamu akodzera pamkeka." Ulemu wa *a-* umenewu ukagwera pa kanthu ka miyendo yaifupi ngati zala, nthabwala yake siitha msanga. Koma Apongozi ayi. Tsiku lina apongozi enieni adzatsika basi ku Intercity ndi thumba la mtedza, ndipo mudzasowa pogwira.

Kumudzi dzina la galu linali kalata. Agogo anga anali pamitala, ndipo galu wawo ankamutcha Mudzatopa. Madzulo akaima pabwalo n'kukuwa kuti "Mudzatopa! Mudzatopa iwe!", galu ankabwera ndithu, koma uthenga unkapita kunyumba ina ija, ndipo mwini uthengawo sakanatha kukadandaula kwa anyakwawa, poti munthu waitana galu wake. Maina ngati Ndilibenazo, Mungatani, Zanuzo, Nenani ndi a mtundu umenewo. Ndimawakonda kwambiri, koma kumudzi pakati pa nyumba ndi nyumba pamakhala bwalo, nkhokwe ndi khola. Kuno tili mabanja asanu m'yadi imodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikira chimodzi. Chining'a chikaponyedwa pamalo othina chonchi chimasanduka ndeu ya pampopi. Ngati mukufuna dzina lotere, lizikusekani inu eni kapena galuyo. Nkhongole ndi dzina labwino ngati wankhongoleyo ndinu. Koma mukakhala alandilodi n'kutcha galu wanu Lipirani, zimenezo si nthabwalanso.

Dzina loyamba limene ine ndinalikonda linali Pamela. Wa ku Lusaka aliyense akudziwa pamela: kaufa kopimidwa m'kapulasitiki kamene timagula pakantemba pamene ndalama ya thumba la makilo 25 yasowa, kongokwana nsima ya usiku umodzi. Kagalu koyera, kakang'ono, kofewa, nanga si pamela weniweni ameneyo? Ndinakondwa usiku wonse. M'mawa mwake mchemwali wanga anandifunsa kuti, "Kodi kumvano kwanu kuja kulibe mayi wa dzina limenelo?" Analipo, awiri. Ndinalisiya pomwepo. Dzina la munthu pa galu kwathu kuno ndi chitonzo, ngakhale mutalumbira kuti mumanena za ufa. Choncho musanagamule, yendani m'maganizo nyumba ndi nyumba mumsewu wanu, kutchalitchi, kuntchito, kuchibale cha mbali zonse ziwiri, ndi amene anatisiya omwe. Likangopezeka penapake, litayeni.

Kenako panabwera Malaiti, ndipo apa ndi pamene tinachita manyazi. Mukukumbukira chaka chimenecho: chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse n'kubwera pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Kagalu kathu kanali ndi khalidwe lomwelo. Masana osaoneka, kali phee kuseri kwa sofa. Ikangokwana 1 koloko usiku kadzuka, kayamba kuthamangathamanga m'nyumba. Ana anati ameneyu ndi Malaiti, ndipo tonse tinaseka mpaka misozi. Tsiku lachitatu, chakumadzulo, kanatulukira pansi pa geti. Ine ndinathamangira kumsewu n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse: "Malaiti! Malaiti!" Ana a mumsewu wonse analandira nyimbo, "Malaitiii!" Ndinangomva zitseko gubudu gubudu. Wina akuthamanga ndi nsimbi, wina ndi mafoni atatu m'manja, mnyamata wometa pakona uja anakhazika kasitomala pampando n'kumumanga nsalu m'khosi. Aneba a chitseko chachiwiri anathira madzi pambaula imene inali itangokolera bwinobwino, nyemba zili pamoto. Magetsi kunalibe. Ndinagula kathumba ka makala kopepesera, ndipo mpaka lero akandiona amandifunsa ngati malaiti abwera.

Ndiye chitani chimene ife sitinachite: liyeseni dzinalo mokweza. Osati chonong'ona pabalaza ayi. Imani pageti m'bandakucha, mutavala chitenje cha m'khosi, muliitane katatu ngati kagalu kathawira ku Alick Nkhata Road. Mudzifunse kuti womva aganiza chiyani. Moto, Wakuba, Njoka, Polisi, Madzi, onsewa ndi oseketsa m'nyumba koma panja adzakusonkhanitsirani anthu. Muonenso ngati pakamwa pakulola. Dzina la maphatikizo awiri kapena atatu ndi limene limatuluka bwino ndipo galu amaligwira msanga. Chitumbuwa ndi dzina lokoma kwa kagalu konenepa kofiirira, koma pakutha sabata mudzakhala mukuti Tumbu, ndiye yambani mwaona ngati chidule chakecho chikukusangalatsani. Ngwee, Kapenta, Impwa, Chikanda, Delele, onsewa amakuwika bwino. Ngwee ndikanalitenga ndithu likanapanda kumveka ngati kulira kwa galu yemweyo akapondedwa mchira.

Lisafanane ndi mawu amene muzikalamulira nawo. Mwana wanga wamkulu, wa Giredi 9, anabwera ndi Laika, dzina la kagalu kakakazi kotoledwa m'misewu ya Moscow kamene anthu a ku Soviet Union anakatumiza mumlengalenga mu 1957. Akuti tanthauzo lake ndi wouwauwa, ndipo kathuka kamauwa ngakhale tsamba la mango likagwa. Koma m'nyumba muno mawu amene amamveka kwambiri ndi "leka!", ndiye Laika ndi leka galu angasiyanitse bwanji? Chimodzimodzi dzina lililonse loyandikana ndi choka, bwera, khala kapena tiye.

Za ndale ndisataye nthawi: musayerekeze. Mwana wanga yemweyo anandiwerengera kuti agalu aja otchedwa Jack Russell anayambira pa kagalu kakakazi kamene John Russell, amene pambuyo pake anadzakhala m'busa, anagula kwa wogulitsa mkaka ku England mu 1819, ndipo dzina lake kanali Trump. Iye zinamuyendera poti nthawi imeneyo silinali dzina la wandale. Inu mukatcha galu dzina la mtsogoleri kapena la chipani mu komboni, mudzagona ndi diso limodzi. Za mitundu ya anthu chimodzimodzi, kupatula pamene chimbuya, chibale chija chosekana cha Abemba ndi ife a kum'mawa, chikulola, ndipo pamenepo muyambe n'kudziseka nokha. Aneba athu ena ndi Abemba, ndipo atangokaona anati, "Kambeba aka mukasunge patali na mbaula, imwe ba kum'mawa sitimudalilani." Ndikanakatcha Kambewa, nthabwalayo ikanagwera ife odya mbewa, ndipo palibe akanakwiya.

Dzina lenileni linadzibweretsa lokha. Lamlungu lina bambo akukonzekera zopita kutchalitchi anapeza nsapato yawo yakuda itatafunidwa kuchidendene. Anaima pakhomo, nsapato m'manja, n'kunena mopsa mtima kuti, "Ndinagula mipando ine. Kambasela aka ndani anakapempha?" Kagalu kanatukula mutu n'kuyamba kugwedeza mchira. Mbasela, kaja kowonjezera kamene mayi wa tomato ku Soweto Market amakuponyera mu pulasitiki utagula mulu. Silitukwana munthu, palibe amene angathamange nalo ndi nsimbi, ndipo aliyense wofunsa chifukwa chake amapatsidwa nkhani ya sofa.

Mukapeza lanu, kaphunzitseni. Ife tinkaduladula chiwindi cha nkhuku chowiritsa tizidutswa tonga njere ya chimanga. Mutchule dzinalo kamodzi kokha, mwansangala. Kakangokuyang'anani, kapatseni kachidutswa nthawi yomweyo. Bwerezani kakhumi, musiye, mudzachitenso masana ndi madzulo. Yambirani m'nyumba mopanda phokoso, kenako panja pamene pali nkhuku ndi ana. Kathu kanagwira pasanathe sabata, ngakhale kanali katamva kale maina atatu. Chovuta si galu, ndi anthu: m'nyumba monse mugwirizane dzina limodzi, osati uyu Mbase, uyu Puppy, uyu Iwe. Ndipo musamakaitane ndi dzinalo pofuna kukakalipira kapena kukamenya, chifukwa kadzayamba kuthawa kakalimva. Mafupa a nkhuku ophika, anyezi ndi chokoleti musakapatse, ngakhale ana atachonderera.

Pakhosi kamangeni lamba wokhala ndi kachitsulo kolembapo dzina ndi nambala ya foni, poti tiagalu totere timatha kudutsa pamene mphaka amadutsa. Katemera wa chiwewe amayamba kagalu kakakwanitsa miyezi itatu, ndipo kumeneko ndi kumene dzina limakalembedwa pakadi, n'kuitanidwa mokweza anthu ali tcheru pabenchi. Ife tsikulo tinakhala pakati pa bambo wina wa chigalu chachikulu chakuda chotchedwa Rex ndi mtsikana wa mphaka m'basiketi. Mnyamata wa pakauntala anasuzumira pakadi, n'kusuzumiranso, kenako anakweza mawu: "Mbasela?" Benchi yonse inaseka. Bambo wa Rex uja anawerama, n'kuyang'ana m'katoni mwanga, n'kufunsa kuti, "Nanga galu amene munagula mwamusiya kuti, amai?"